Amayi, Akamwini Awo ndi Gemu ya Akasinja

Amuna anga atabwera kudzakhala kwathu kwa Zulu, katundu wawo yense anakwana pa keliyala ya njinga. Panali chikwama cha zovala, khasu, ndi katoni ya sopo yomangidwa ndi zingwe za mphira, imene ankainyamula ngati muli mazira. Azakhali anga anandinong'oneza kuti m'menemo muyenera kuti muli mbale zondigulira ine. Ndinangosekera mumtima, chifukwa za m'katonimo ndinkazidziwa kuyambira tili pachibwenzi. Munali kamakina kotuwa ka gemu ya pa TV, ndi timabokosi tachikasu tapulasitiki timene eni ake ankatitchula kuti makaseti. Kaseti iliyonse ukaibaya pamwamba pa kamakinako, pa TV pankatuluka masewera akeake.

Bambowa anakulira pa esiteti ya fodya kwa Dambe. Makolo awo anachokera ku Mulanje kudzagwira utenanti, ndipo iwo anabadwira pa esitetipo. Kamakinako anakapeza kwa kapitawo wina amene ankafuna kukataya katasiya kuyaka. Anakapukuta, kukapititsa kwa wokonza mawayilesi, kenaka n'kuyamba kutolera makaseti imodziimodzi. Pamene tinkakwatirana, nthawi imene zipani zambiri zinali zitazolowereka kale ndipo aliyense ankavala nsalu ya chipani chimene wafuna, makasetiwo anali atadzaza katoni. TV inabwera pambuyo, titagulitsa fodya wathu woyamba. Kanali ka TV kakang'ono kosaonetsa mitundu, koyendera batire la galimoto, ndipo wokonza mawayilesi uja analumikiza mawaya kuti kamakinako kazidyanso pa batire lomwelo.

Musaganize kuti anali mlesi. Ankadzuka nkhuku zisanatsike, munda wa amayi anga ankayamba kuugalauza asanakhudze wathu, nkhokwe anawamangira, khola la mbuzi analikonza. Gemu inali ya Lamulungu masana tikabwera kutchalitchi, basi. Koma amayi sankaona makasu onsewo, ankaona katoni.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana. Sakhala pamphasa imodzi, sadyera pamodzi, ndipo akaonana patali panjira mmodzi amapatukira m'tchire mpaka mnzake adutse. Apongozi salowa m'nyumba ya mkamwini. Mawu alionse amadzera mwa munthu wapakati, ndipo kwathu munthu wapakatiyo ndinali ine. Mwambowu si wamuyaya. Apongozi akakhutira kuti mwana wawo ali m'manja abwino, amatumiza nkhuku ndi ufa, anthu n'kudyera pamodzi, kuopanako n'kuthera pomwepo. Anzanga ambiri nkhuku yawo inkabwera mwana woyamba akangobadwa. Wathu anabadwa, anakwawa, anayamba kuyenda chogwira zipupa, nkhuku za amayi zikungoswana kuseri kwa nyumba.

Bambo anga anali atamwalira kale, choncho panalibe wowanyengerera amayiwo. Ndikawafunsa mozungulira ankangoti, “Mkamwini ndi mlamba, mwananga, sachedwa kuterereka.” Anali ndi chifukwa chake. Mwamuna wa akulu anga anakhala nafe zaka zingapo, tsiku lina anatsazika kuti akukaona odwala kwawo, ndipo mpaka lero akuonabe odwalawo. Ndiye poona munthu wandevu zake akufuula pamaso pa kagalasi ngati mwana, amayi anatsimikiza mumtima kuti uyunso ndi wapaulendo.

“Munthu wosunga chuma chake m'katoni,” ankatero, “ndi munthu woti tsiku lililonse amanga pa njinga.”

Zinkandiwawa, sindinama. Anthu awiri amene ndinkawakonda ankakhala pabwalo limodzi, kumwa madzi a chitsime chimodzi, koma kumathawana. Ndinkaopanso kuti bambowa adzatopa, chifukwa munthu sungamalime mpaka kalekale munda wa munthu amene sanakuyankhulepo. Nthawi zina ndinkawaona atalumphira m'chitsamba ndi mtolo wa udzu pamutu poti amayi atulukira, kenaka akubwera akudzithothola chisoso m'thalauza, akuseka. Koma kuseka kwake kunkanka kucheperachepera.

Lamulungu masana nkhawa zanga zinkapita kotchuthi, chifukwa kunkabwera anzawo a makaseti. Anali atatu, aliyense ndi katoni yake pa keliyala. Woyamba anali wokonza mawayilesi uja wa pa Kamwendo, munthu wosalankhulalankhula, amene kaseti yakufa sankaitaya koma kuitsegula kuti aone chimene chaipha. Wachiwiri anali mphunzitsi wa pa pulayimale yapafupi, amene makaseti ake ankawakulunga m'mapepala a nyuzi ngati nsomba zouma. Wachitatu anali wamalonda wa cha ku Kachebere, amene ankawoloka malire ngati akupita kudimba, ndipo zatsopano zonse zinkabwera ndi iyeyu kuchokera ku Chipata.

Ankayala mphasa m'chipinda chathu chochezera, kukhuthula makatoni, n'kuyamba kusinthana. Mukanamva mikangano yake mukanati akukambirana za ng'ombe.

“Iyi ni ya manje manje, mwandi,” ankatero wa ku Kachebere, akugwedeza kaseti m'mwamba. “Nafika nayo dzulo chabe. Onani apa alemba, magemu masauzande mkati.”

“Masauzande ati, achimwene?” ankayankha aphunzitsi. “Ija munatipatsa mwezi watha analembanso choncho. Titatsegula tinapeza kamunthu komwe kaja kodumpha maenje, kangosintha chipewa.”

Ankanena zoona. Zithunzi za pamwamba pa makasetiwo zinkanama mopanda manyazi. Pamwamba pajambulidwa chimphona chonyamula mfuti, mkati upezamo tinsomba. Komabe ankazikonda choncho. Kaseti yosweka pakona, yofufuma pepala, yolembedwa zilembo zakunja zimene ngakhale aphunzitsi sankaziwerenga, ndiyo inkakhala ndi ulemu kwambiri. Ikakana kuyaka ankaizula n'kuiuzira mpweya, ndipo aliyense anali ndi kauziridwe kake. Aphunzitsi ankauzira pang'onopang'ono ngati akuziziritsa phala la mwana. Wokonza mawayilesi ankati zimenezo n'zaumbuli, malovu amabweretsa dzimbiri, koma yake ikakana ankatembenukira kukhoma n'kuuzira mobisa.

Inenso sindinali wongobweretsa thobwa. Panali gemu ina ya timiyala togwa kuchokera kumwamba toyenera kusanjidwa tisanadzaze, ndipo pa imeneyo panalibe wondiposa. Ndinkasewera mwana ali kumbuyo, chogwirira chili m'manja, zala zikuthamanga zokha pa timabatani. Aphunzitsi ndinawagonjetsa kangapo mpaka anayamba kunena kuti chogwirira chawo chili ndi vuto. Tinasinthana zogwirirazo, ndinawagonjetsanso, ndipo kuyambira pamenepo ndikatenga chogwirira iwo ankakumbukira kuti akufuna kukamwa madzi.

Batire likayamba kufooka chithunzi chinkanyala m'mbali mpaka kuzima. Pamenepo amunawo ankatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndi pamene pankayambira nkhani imene ankaikonda kuposa kusewera kwenikweniko. Ankadandaula kuti magemu onsewa ndi a eni ake, mulibe ngakhale chimanga, mulibe njinga, mulibe mbuzi. Ndiye aliyense ankatola kamtengo n'kumajambula pansi gemu imene akanapanga akanakhala ndi makina ake.

Wa ku Kachebere yake inali ya munthu wokwera njinga ndi matumba kumbuyo, akudutsa njira zachidule za m'malire, akuzemba maenje, agalu ndi mchenga. Ukafika tsidya lina tayala lisanaphulike, akuwonjezera thumba lina. Aphunzitsi ankafuna ya kukumba mbewa, yoti uzisankha una woyenera, ukalakwitsa mutuluke njoka. Wokonza mawayilesi anaganiza nthawi yaitali n'kunena kuti yake ikhale ya kusankha fodya m'shedi, masamba azigwa, iwe uziponya lililonse pa mulu wake. Anzake anamukana onse pamodzi, amvekere munthu sangachoke kushedi wotopa n'kudzaseweranso shedi.

Tsiku lina anafunsa amuna anga kuti yawo ndi yotani. Anajambula njira yokhotakhota, uku tchire, uku tchire.

“Yanga ndi ya mkamwini,” anatero. “Ukuchokera kudambo ndi mtolo pamutu. Apongozi akatulukira, ulumphire m'tchire. Ukachedwa, wafa.”

“Nanga kupambana kwake?” anafunsa aphunzitsi, misozi ili m'maso ndi kuseka.

“Ilibe kupambana. Umangopitiriza.”

Onse anagubuduka ndi phwete. Ine ndinali pakhonde ndikuyamwitsa, ndipo sindinaseke.

Chakumapeto kwa chilimwe china, wa ku Kachebere anabwera ndi kaseti yopanda pepala, imene anati wogulitsa anangomuponyera ngati basela. Inakana kawiri, inauziridwa ndi anthu onse anayi, kenaka inayaka. Munali gemu ya akasinja, tigalimoto tankhondo towomberana pakati pa zipupa. Zipupa zina zinali za njerwa, zimene chipolopolo chinkaswa, zina zachitsulo zimene chipolopolo chinkangogunda n'kubwerera. Munalinso madzi ndi tchire, ndipo pansi pa chithunzi panali kambalame kotsekeredwa m'kampanda, koti ukateteze adani asakawombere. Anaisewera mpaka wokonza mawayilesi, pobayabaya mabatani monga mwa chizolowezi chake, anatulukira pamalo pena pamene panali bwalo lopanda kanthu. Atadina, panatuluka njerwa. Atadinanso, njerwayo inasanduka chitsulo, kenaka madzi. Onse anasendera pafupi ndi TV. Zinapezeka kuti gemu imeneyi inkalola munthu kumanga bwalo lakelake.

Kaseti imeneyo amuna anga anaisinthanitsa ndi makaseti awo abwino angapo, osanenerera n'komwe. Mawa lake, atachoka kumunda dzuwa litapendeka, anaphwanya lamulo lawo la Lamulungu n'kuyatsa TV. Anayamba kumanga mudzi wathu. Nyumba ya amayi anaiika cha pakati, ya azakhali kumtunda, dambo kumunsi ndi madzi ake, nsungwi za kudimba anaziika ndi tchire lija. Kambalame kaja anati ndi nkhokwe ya amayi. Anati akamaliza adzaitana anzawo, akasinja a adani adzakhale mbuzi za mudzi woyandikana nawo zimene zinkatidyera chimanga chaka ndi chaka.

Chipinda chathu chochezera chinali ndi zenera limodzi lopanda galasi, lotseka ndi thabwa, loyang'ana kubwalo la amayi. Masiku amenewo amayi anayamba kupeza ntchito zambiri pafupi ndi zeneralo. Mtedza umene ankaswera pakhonde pawo zaka zonse unasamukira kumthunzi wa nyumba yathu. Ankakhala chofulatira, lichero lili pamwendo, koma khosi linkatembenuka lokha. Ine ndinkaziona zonsezi. Tsiku lina ndinamva amayi akundiitana, ine ndili mkati, pambali penipeni pa amuna anga.

“Iwe! Uwauze akamwiniwo kuti chitsime sichili kumeneko. Chili kumunsi kwa mtengo wa mkuyu.”

Amuna anga anasiya kudina. Pakati pa iwo ndi amayi panali khoma lokha, ndipo mawuwo anawamva bwino kuposa ine. Komabe anadikira. Ndinatembenuka n'kunena mwaulemu wonse, “Akuti chitsime chili kumunsi kwa mkuyu.”

“Auzeni amayi kuti ndamva, ndikukonza.”

“Akuti amva, akukonza.”

“Ndaona,” anatero amayi, n'kupitiriza kuswa mtedza.

Madzulo amenewo ndinaphika ndikuimba. Koma tinalakwitsa chinthu chimodzi. Kamakinako kanalibe posungira. Ukangokazimitsa, zonse zimene wamanga zinkafufutika, ndipo ife tinkazimitsa monga mwa masiku onse kuti batire lisathe, amuna anga n'kudzayambiranso mawa lake mwakachetechete. Kumangako sikunali kovuta, munthu ankamaliza kumanga madzi osamba asanatenthe. Koma tsiku lotsatira amayi anafika msanga pazenera, TV ikuyatsidwa kumene, ndipo anaona bwalo lili mbee.

“Mudzi uja uli kuti?”

Ndinawafotokozera kuti ukazimitsa umachoka, koma aumanganso pompano. Amayi anaimirira n'kukung'untha chitenje.

“Si zomwe ndimanena? Lero amanga, mawa agwetsa. Mudzi sauzimitsa, mwananga.”

Anatenga lichero lawo n'kubwerera pakhonde pawo, ndipo tsiku limenelo ndi linzake sanabwerenso. Ndinakwiya nawo amayi anga, ndinakwiya ndi kamakinako, ndinakwiyanso ndi amene anakapanga osaganizira za apongozi a anthu. Amuna anga sanakwiye. Anapalasa njinga kupita pa Kamwendo n'kubwera ndi batire lachiwiri lobwereka kwa mnzawo uja, amene anawaphunzitsanso kalumikizidwe koti ulowetse batire latsopano usanachotse lakale, moto usaduke. Anamanganso mudzi wonse, chitsime chili kumunsi kwa mkuyu. Pomaliza anazimitsa TV yokha. Kamakinako anakasiya koyaka pa katebulo kapakona, kagetsi kake kofiira kakuwala usana ndi usiku.

Ndinapita kwa amayi n'kukawauza kuti akamwini awo ati mudzi sudzazimanso. Anangopitiriza kuswa mtedza wawo. Koma tsiku lotsatira lichero linabwerera kumthunzi.

Ntchito ya kanthawi kochepa ija inatenga masabata, chifukwa kapitawo wake tsopano anali amayi. Tsiku lililonse ankabwera ndi chatsopano. Njira yopita kutchalitchi siyowongoka choncho, imakhota pa chulu. Khola la azakhali lakula kwambiri, ali ndi mbuzi zingati iwowo? Kenaka anayamba kutchula zinthu zimene ine sindinkazidziwa. Anati pakati pa nyumba yawo ndi dambo paikidwe madzi pang'ono, panali chitsime chakale chimene chinauma ine ndisanabadwe. Anati kuseri kwa nkhokwe kuikidwe tchire, ndi pamene malemu bambo anga anabzala nthochi chaka chimene anabwera kudzakhala chikamwini. Apa anaima kaye, n'kuseka okha.

“Iwonso ankathawa agogo ako. Tsiku lina anagwera m'dzenje la zinyalala ndi nkhwangwa yomwe.”

Ndinatembenuka kuti ndibwereze kwa amuna anga, koma ndinapeza akuluma mlomo, mapewa akugwedezeka. Mawu amenewo sindinawapereke, anafika okha.

Anzawo a makaseti anavutika nazo zimenezi. Kamakina kanali kogwidwa, kaseti ina sikanalowamo popanda kuzimitsa. Kusewera mudziwo sikunathekenso, chifukwa ukangouyamba zipolopolo zikanaswa njerwa zonse ndipo sukanabwereranso mmene unalili. Wa ku Kachebere ankafika, kuyang'ana kagetsi kofiira, n'kugwira mutu.

“Manje mudzi uyu tizauwombera liti, mwandi? Mbuzi zafa na njala!”

“Kapitawo sanavomereze,” ankayankha amuna anga chonong'ona, akuloza zenera ndi mlomo.

Aphunzitsi anayamba kumabwera ndi kamakina kawo, ndipo masewera a Lamulungu anapitirira, waya wa TV akuusuntha mosamala ngati akuchotsa munga m'phazi la mwana. Koma asanayambe, onse ankafuna aone kaye pamene mudzi wafika, ndipo ankatsutsana za kukhota kwa njira ya kutchalitchi ngati amakhala kwathu.

Mitambo inayamba kusonkhana. Chaka chimenecho udzu unavuta, moto unali utatentha dambo msanga. Umene amuna anga anamweta anayamba kufolera nyumba ya amayi, kenaka nkhokwe yawo, monga achitira mkamwini aliyense wodziwa malo ake. Pofika pa nyumba yathu udzu unaperewera, ndipo ngodya imodzi inatsala ndi udzu wakale wowola. Anati adzaimaliza Loweruka. Inali ngodya ya pamwamba pa katebulo kaja, koma palibe mwa ife amene analumikiza ziwirizi.

Lachisanu lake tinapita pa Kamwendo, ine kusikelo ya mwana, iwo kukatchajitsa batire. Pobwerera batire linali pa keliyala, choncho tonse tinkayenda pansi, iwo akukankha njinga. Tili pakati pa njira kunada bii kumadzulo, cha ku Zambia, mphepo inayamba kuulutsa fumbi, kenaka mvula inakhuthuka. Tinabisala pakhonde la golosale ina. Tili chiimire pomwepo ndinaona nkhope ya amuna anga ikusintha.

“Denga,” anatero.

Tinalowa m'mvulamo. Mwana ndinamufunditsa chitenje chachiwiri, matope akutigwira mapazi, njinga ikuterereka. Njira yonse ine ndinkangoganiza za amayi ataima pazenera mawa lake akuyang'ana bwalo lopanda kanthu, ndi mmene adzakung'unthire chitenje. Ndinkadziwa kuti ulendo uno lichero likachoka silidzabwereranso.

Titafika tinapeza chitseko chathu chili chotsegula. Amuna anga anagwetsa njinga n'kuthamangira mkati, ine pambuyo pawo. Pakhomo penipeni anaima mwadzidzidzi mpaka ndinawagunda pamsana.

Amayi anali m'nyumba mwathu. Anali ataima pakona, miyendo atatangadza, manja onse awiri ali m'mwamba atanyamula beseni lathu lalikulu lochapira. Mphepo inali itakakatula udzu wowola uja, ndipo madzi ankatsika ngati a pampopi, molunjika pa kamakina. Amayi anaona dengalo likuuluka ali pakhonde pawo. Kusuntha katebulo anaopa, poti mawaya angaduke. Kuika beseni pa katebulo sikunatheke, panali podzaza. Ndiye anangoima pomwepo n'kulandira mvulayo ndi manja awo. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji, koma beseni linali pafupi kudzaza, mikono yawo ikunjenjemera, duku litagwera paphewa, madzi otayikira akuyenderera m'zigongono. Pansi pawo kagetsi kofiira kanali kakuwalabe.

Amuna anga atazindikira kuti akuyang'anizana ndi apongozi awo, miyendo yawo inachita zimene inazolowera. Anabwerera chambuyo n'kukaima pamvula panja, maso ali pansi. Amayinso anayesa kutembenuza nkhope kukhoma, beseni linapendeka, madzi anakhavukira pafupi ndi batire, ndipo amayi anatembenukanso msanga. Kuthawa sakanatha. Mwana anali akulira kumbuyo kwanga, zala zanga zitauma ndi kuzizira zikulephera kumasula mfundo ya chitenje.

“Iwe, uwauze...” anayamba amayi. Anandiyang'ana ndikulimbana ndi mfundo ija, anayang'ana beseni. Kenaka anakweza mawu kupyola ine. “Bambo! Lowani kuno. Gwirani beseni ili, manja anga afa.”

Amuna anga analowa chowerama ngati akulowa m'tchalitchi mapemphero atayamba. Anafika pafupi, anaika manja awo pansi pa beseni, ndipo amayi anachotsa awo pang'onopang'ono.

“Mwagwira?”

“Ndagwira, amayi.”

“Musapendeketse. Kumanzereko kwalemera.”

Ine ndinatsitsa mwana, ndinatenga thumba la feteleza lopanda kanthu, ndinakwera pa mpando n'kulilowetsa pansi pa udzu mpaka madzi anayamba kutsetserekera kukhoma. Beseni linakatayidwa panja. Mvula inayamba kuchepa. Tsopano panalibenso chowagwira amayi m'nyumba ya mkamwini, ndipo ndinkayembekeza kuti afunda chitenje kumutu n'kutuluka, mawa tizidzanamizira kuti palibe chimene chinachitika. Amuna anganso ankayembekeza zomwezo, anali atapatuka kale kuwasiyira khomo.

Amayi anafinya duku lawo, analimanganso, kenaka anakoka mphasa ndi phazi n'kukhala pansi.

“Tayatsani tione ngati ulipo,” anatero.

Amuna anga anapukuta manja pa malaya onyowa, zimene sizinathandize chilichonse, n'kuyatsa TV. Inalira kaye, chithunzi chinabwera pang'onopang'ono. Mudzi unalipo wonse, dambo, nsungwi, chitsime chakale, nthochi za bambo anga. Ndinaseka mokweza ngati wamisala, mwana naye anasiya kulira n'kuyamba kuombera m'manja osadziwa chimene akuombera. Amayi anasendera pafupi. Kanali koyamba kuuona mudzi wawo osapotokola khosi, ndipo anauyang'ana nthawi yaitali, akuloza ndi chala nyumba imodziimodzi, milomo ikutchula eni ake.

Chala chinaima.

“Bambo, mwaiwala nyumba imodzi.”

“Iti, amayi?”

“Ino. Imene takhalamo ino.”

Ndinayang'anitsitsa. Kumadzulo kwa nyumba ya amayi, pamene pakanakhala yathu, panali malo akuda opanda kanthu. Masabata onsewo ndinkauona mudziwo tsiku ndi tsiku, koma sindinazindikire. Amuna anga anayang'ana chogwirira chimene chinali m'manja mwawo.

“Sindinaiwale, amayi,” anatero motsitsa. “Ndimadikira kuti eni mudzi anene poti ndiike.”

Amayi anayang'ananso malo akuda aja. Madzi ankadonthabe pang'onopang'ono kuchokera pa thumba lija.

“Ikani pomwepo,” anatero. “Pafupi ndi yanga.”

Amuna anga anapitirira malowo kawiri. Atafika, anadina, ndipo panatuluka kachipupa ka njerwa. Amayi anapukusa mutu.

“Osati njerwa. Ndinaona ine pazenerapo, zimasweka zimenezo. Ikani zachitsulo zija.”

Anadinanso. Ine ndinatola mwana n'kutuluka kupita kukhitchini kukakoleza moto. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unali wambiri, ndipo zinandithandiza, chifukwa pobwera ndi makapu atatu a tiyi palibe amene anandifunsa za maso anga.